Tileke kugula manambala

Pa Sondo lina m'mawa, mnzathu wina amene amajambula zithunzi pa maukwati anatitumila foni, mawu akunjenjemela. Usiku wa pa Ciwelu anacoka mocedwa ku ukwati wina ku Chilenje. Anajambula tsiku lonse, kuyambila ku saluni kumene mkwatibwi anali kukonzedwa tsitsi, mpaka pamene kamtsikana kanavina na mpeni wa keke. Atauka, anacotsa memory card mu kamela n'kuiika mu laputopu. Mafoda onse analimo. Maina a zithunzi analimo, manambala ondondozana bwinobwino. Koma zimene zinatseguka ni za ku saluni cabe, na zocepa za pa geti ya chalichi. Za malumbilo, za mphete, za makolo a mbali zonse ziwili, zonse zinakana.

Khadi ija inalembedwa 256GB. Anaigula pa Cisanu m'tauni, pa mtengo umene unamukondweletsa cakuti anabwela kudzationetsa. Titaipima pambuyo pake, tinapeza kuti malo ake enieni sanafike olo 8GB. Amai ake a mkwatibwi sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, ndalama mungatibwezele. Nanga ukwati, tidzaucitanso?"

Aliyense wa ife ali na nkhani yofanana na iyi. Wina project yake ya caka comaliza inafela mu fulashi kutatsala wiki imodzi kuti apeleke. Wina, DJ, nyimbo zimene anasonkhanitsa kwa zaka zisanu zinapita tsiku limene hard drive inagwa pa tebulo. Wina mndandanda wa anthu a nkhongole ku shopu ya amalume ake unatsala mu kompyuta imene siinayakenso. Tikamasimba nkhani izi timati ni tsoka, kapena timatukwana wogulitsa. Koma lelo tifuna kukamba cinthu cosakoma kumva. Mbali yaikulu ya vutoli ili pa ife ogula, pa mafunso amene timafunsa na amene sitifunsa.

Imililani mphindi khumi pa shopu ya makompyuta, kaya ni ku Town Centre, mu Cairo Road kapena ku Kamwala, mumvetsele. Mafunso athu ni atatu cabe. Ni ma GB angati? Ni Core i ciani? Last price ni zingati? Onse atatu ni mafunso a manambala, ndipo nambala ni cinthu cosavuta kusindikiza pa kapepala. Palibe amene amafunsa kuti, kodi ici cidzasunga zinthu zanga? Nanga ningaciyese bwanji nisanalipile? Wogulitsa amagulitsa zimene msika ufuna. Ngati ife tifuna nambala yaikulu pa ndalama zocepa, adzatipezela nambala yaikulu pa ndalama zocepa. Makolo anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele.

Tiyeni tiyambe na cimene cinagwetsa mnzathu uja. Mu fulashi iliyonse na mu memory card iliyonse muli tuzipangizo tuwili tofunika. Kena ndiye kamasunga zinthu. Kena kali monga kapitao: kamauza kompyuta kuti malo ni aakulu bwanji, na kulondolela cinthu ciliconse pamalo pake. Anthu acinyengo amatenga fulashi ya 8GB n'kuphunzitsa kapitao uja bodza, kuti kompyuta ikafunsa aziyankha 256GB, olo 1TB. Kompyuta siiwelenga yokha malo aja, imangokhulupilila zimene yauzidwa. Mukayamba kukopelamo zinthu, zoyambilila zimalowa bwino. Malo enieni akatha, zotsatila zimangotaika, kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale n'kuziwononga. Dzina la fayilo limalembedwa pa mndandanda, koma cinthu cenicenico mulibe. Zili monga kondakitala amene akuwa kuti malo alimo, malo alimo, ndalama atenga, pamene basi inadzala kalekale.

Ndiye cifukwa cake kuyesa kumene timacita pa kaunta, kokopela nyimbo ziwili n'kuziliza, sikutiuza ciliconse. Nyimbo ziwili zimakwana olo mu fulashi yabodza. Bodza limaonekela pa tsiku la ukwati, pa tsiku limene mwajambula kwambili kupambana masiku onse.

Coseketsa n'cakuti timakangana na ogulitsa pa cinthu cimene si bodza. Munthu agula hard drive ya 1TB, afika kunyumba, Windows ionetsa 931GB, mawa lake abwelela ku shopu na ukali ati mwanibela. Apo palibe wakuba. Opanga ma drive amawelenga m'magulu a 1,000, pamene Windows imawelenga m'magulu a 1,024. Conco 500GB imaoneka monga 465GB, ndipo fulashi ya 64GB siipitilila 59GB na kakang'ono. Uko ni kusiyana kwa kawelengedwe cabe. Timayambana na munthu woona mtima cifukwa ca 69GB imene siinasowe, koma fulashi ya 2TB yogulitsidwa pa mtengo wa nsima na nkhuku timailandila na manja awili. Palibe cozizwitsa cimene cacitika ku fakitale. Ngati mtengo uoneka monga mphatso, cimene mwagula ni cikuto.

Kuyesa kwenikweni kulipo, ndipo sikufuna ndalama. Pali kapulogilamu kaulele ka pa Windows kochedwa H2testw, kocokela kwa a magazini ya makompyuta ya ku Germany yochedwa c't. Kamadzaza fulashi yonse mpaka pakamwa, ndiyeno kamawelenganso zonse zimene kalemba. Ngati mwa 256GB zabwelako 8GB cabe, kamakuuzani mosabisa. Amene asewenzetsa Linux kapena Mac ali na F3, imene imagwila nchito imodzimodzi. Palinso ValiDrive, imene imagogoda malo osiyanasiyana a fulashi n'kupeleka yankho mwamsanga. Olo mulibe zonsezi, pali njila ya manja: dzazani khadi na mavidiyo mpaka ithe malo, icotseni, ibwezeleninso, mutsegule vidiyo yoyamba, ya pakati na yothela. Zimatenga nthawi, mwina usiku wonse ngati khadi ni yaikulu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo usiku umodzi wa kuyesa ni wocepa poyelekezela na ukwati wa anthu.

Nambala yaciwili imene imatipusitsa ni ya pa kasitika ka pa laputopu. Tikamva kuti Core i7, mtima umagunda. Koma dzina la Core i7 lakhalapo kuyambila mu 2008, ndipo pansi pa dzina limodzi pali mibadwo yambili. Cofunika kuyang'ana ni nambala yotsatila kamzele. Pa i7-2620M, 2 ija itanthauza m'badwo waciwili, wa mu 2011. Pa i5-8250U, 8 itanthauza m'badwo wa 8, wa mu 2017. Kuyambila m'badwo wa 10 timawelenga manambala awili oyamba. Manje i5 ya mu 2017 ija ili na ma core anayi, pamene i7 ya mu 2011 ili na awili, ndipo pa liwilo i5 imaisiya kutali, imadyanso batile pang'ono. Koma muike ziwilizi pa kaunta imodzi, ambili a ife tidzathamangila i7, n'kuwonjezelapo ndalama. Kasitika kamamatidwa na munthu. Yatsani makina, mulowe mu Task Manager kapena mu Settings, muwelenge dzina lonse la processor na maso anu.

Nkhani ya m'badwo yakula kuyambila pa 14 October 2025, tsiku limene Microsoft inaleka kuthandizila Windows 10 mwa nthawi zonse. Windows 11 imafuna kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0, ndipo kwa Intel, pafupifupi ma processor onse amene imavomeleza ni oyambila m'badwo wa 8 kupita kutsogolo. Maofesi a kumaiko ena akamacotsa makina amene sakwanitsa izi, sitifunika kuombeza kuti tidziwe kumene ena adzathela. Amisili amadziwa kukakamiza Windows 11 kulowa mu makina akale, koma Microsoft siilonjeza kuti makina otelo azilandila ma update. Laputopu yakale ingasewenze bwino na Linux Mint kapena Ubuntu kwa zaka zina, ndipo palibe manyazi pamenepo. Cofunika n'cakuti mudziwe cimene mugula, ndipo mtengo ulingane na msinkhu wake.

Tisamveke molakwa. Sitikamba kuti ex-UK ni yoipa. Ambili a ife tinaphunzilila pa makina otelo, ndipo ma ThinkPad, ma Latitude na ma EliteBook anapangidwila maofesi: ni olimba, ambili amatseguka mosavuta, zipangizo zake zimapezeka. Ex-UK ni salaula wa makompyuta. Ndipo pa salaula tonse ndife akatswili. Timanyamula shati n'kuiunika ku dzuwa, timayang'ana m'khwapa, kolala, mabatani, timakoka zipi kawili katatu. Pa thalauzi ya ndalama zocepa timatha mphindi khumi. Nanga n'cifukwa ciani pa laputopu ya malipilo a miyezi itatu timangosisita cikuto n'kufunsa ngati cikwama ni ca mahala?

M'khwapa mwa laputopu muli pawili: mu drive na mu batile. Drive iliyonse imalemba mbili ya umoyo wake, ndipo kapulogilamu kaulele kochedwa CrystalDiskInfo kamawelenga mbili imeneyo. Kaikeni pa fulashi yanu, mupite nako ku shopu. Kadzakuonetsani maola amene drive yakhala yoyaka. Caka cimodzi cili na maola 8,760, conco mukaona 30,000 dziwani kuti drive iyo yasewenza zaka zitatu na miyezi ingapo usana na usiku, olo cikuto ciwale bwanji. Kakalemba kuti Good, pitilizani kukambilana. Kakalemba Caution mu cikasu, ndiye kuti drive yayamba kudwala, ndipo mtengo wa drive yatsopano uyenela kucotsedwa pa mtengo wa laputopu. Za batile, tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport. Lipoti imene ituluka imaonetsa mphamvu imene batile inali nayo ikali yatsopano na imene imasunga lelo. Ngati yatsala theka, maola anayi amene akulonjezani ni nthano.

Batile si nkhani yaing'ono kuno kwathu. Tonse tikumbukila 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo m'makomboni ambili malaiti anali kubwela maola ocepa cabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Caka cija cinatiphunzitsa kuti i5 ya batile yamoyo ipambana i7 imene imazima mukangocotsa chaja. Cinatiphunzitsanso cimene kuzima kwa malaiti kumacita ku zinthu zathu. Kompyuta ya pa tebulo ikazima mwadzidzidzi ili pakati polemba fayilo, fayilo iyo ingawonongeke, nthawi zina Windows yeniyeniyo imakana kuyaka. Malaiti akabwela, mphindi zoyamba zingabwele na mphamvu yopitilila muyeso imene imaocha chaja na power supply. Conco malaiti akapita, cotsani pulagi ku cipupa, ndipo akabwela lindilani pang'ono. Surge protector yeniyeni si cimodzimodzi na adaputa wamba ya mabowo asanu. Ndipo amene amadyela pa kompyuta ya pa tebulo, wa kopelani nyimbo, wa kusindikiza ma CV, UPS imene imamupatsa mphindi zocepa za kusunga nchito na kuzima bwino ni yofunika kupambana masipika aakulu.

Manje, ngati ndalama ni zocepa, tiziike pati? Apa napo manambala amatisoceletsa. Laputopu ya 1TB hard drive imaoneka yolemela kupambana ya 256GB SSD, koma muzisewenzetse tsiku limodzi mudzamva kusiyana. Mu hard drive muli mbale zimene zimazungulila ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi, na kamutu kowelenga kamene kamauluka pamwamba pa mbale pa mpata wocepa kwambili kupambana kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ikagundidwa ili mkati mozungulila, kamutu kangakhudze mbale n'kuikala. Kaphokoso ka khethe khethe kamene ena a ife tinamvapo ni belu la malilo. Ganizilani cinthu cotelo cili m'cikwama, mu minibasi ya ku Kanyama, nyengo ya mvula. SSD ilibe cozungulila. SSD wamba ya SATA imawelenga pafupifupi 500MB pa sekondi, pamene hard drive ya mu laputopu imasewela ca m'ma 100MB, ndipo pa tumafayilo tung'onotung'ono tumene Windows imatsegula poyaka, kusiyana n'kwakukulu kupambana apo.

Ndiye cifukwa cake laputopu imene mwaitopela, imene imatenga nthawi ya kuphika tiyi kuti iyake, kambili siifuna kutaidwa. Ifuna SSD, na RAM yofika 8GB. RAM ni tebulo logwililapo nchito, drive ni kabati yosungilamo zinthu. Kabati ikule bwanji, ngati tebulo ni laling'ono mudzavutikabe. Koma musagule mwa kuganizila. DDR3, DDR4 na DDR5 sizilowana, kampata ka pa mano ake kali pamalo osiyana. Malaputopu ena RAM yake inaochelelewa ku bolodi, siicoka. Ma SSD aja ang'onoang'ono a M.2 ali mitundu iwili, SATA na NVMe, ndipo si makina onse amene amalandila yonse iwili. Nyamulani laputopu yanu, mmisili aitsegule muli pomwepo, aikemo, iyake, muone na maso kuti yawelenga, ndiye mulipile. Safunsa anadya phula. Ndipo dziwani kuti ma SSD abodza nawonso alipo. Pali tumabokosi tokongola togulitsidwa pa intaneti monga SSD ya ma TB ambilimbili, tumene mukatsegula mupeza ka memory card komamatidwa na guluu.

Wina adzati, inu mukamba monga anthu a ndalama. Original ni yodula, ife tigula zimene thumba lilola. Iyi ni mfundo yoona, ndipo sitiipeputsa. Ambili a ife laputopu tinaigula na ndalama za cilimba, kapena makolo anagulitsa cimanga. Koma ndiye cifukwa cake ife ndife amene sitiyenela kuluza. Wolemela fulashi ikafa amagula ina madzulo. Ife tikaluza timaluza kawili, ndalama na nchito. Ndipo sitikamba kuti gulani zodula. Tikamba kuti gulani zazing'ono koma zoona. Fulashi ya 32GB imene ilidi 32GB ipambana ya 1TB imene ni mphepo. SSD ya 256GB yoyesedwa ipambana 1TB imene yalemba Caution. Kucepetsa nambala si umphawi. Umphawi ni kulipila kawili pa cinthu cimodzi.

Tinenenso cilungamo pa ogulitsa. Si onse amene ni akuba. Mnyamata wa pa kaunta kambili nayenso anaoda katundu mu katoni, sanayesepo olo kamodzi, ndipo maina a makampani odziwika monga SanDisk, Kingston na Samsung ndiwo amene anthu acinyengo amakonda kukopela, mpaka pepala la kunja. Mu tauni muno muli amisili abwino, anyamata na atsikana amene amaukitsa makina amene kwina akanataidwa. Mudzawadziwa na cinthu cimodzi: sakwiya mukapempha kuyesa. Mukati, "Ba boss, niyeseko drive na batile," wabwino amakukokelani mpando. Amene ayamba kuti, "Ah, ba sister, simunikhulupilila? Iyi ni original," kapena amene akuti malaiti a kuyesela kulibe koma ndalama alandila, wakuyankhani kale. Vuto lathu ni manyazi. Timaopa kuoneka ovuta, timaopa kuoneka osadziwa, makamaka pamene pali mzele kumbuyo kwathu. Mbewa ya manyazi inafela kuuna.

Ndipo tizitenga lisiti. Osati kapepala kolembedwa "laptop 1", koma lisiti ya dzina la shopu, tsiku, mtundu wa makina, serial number na masiku a walanti amene mwamvana. Dziko lathu lili na lamulo loteteza ogula, Competition and Consumer Protection Act ya mu 2010, na bungwe la CCPC limene limalandila madandaulo. Lamulo limeneli limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosagwila nchito imene anapangidwila, ndipo limaletsanso zikwangwani zija za "no refund" zimene timaona zitapacikidwa monga malemba oyela. Koma popanda lisiti, nkhani imakhala ya mawu anu na mawu ake. Tikamapempha malisiti tonse, tikamayesa tonse, wogulitsa zabodza adzayamba kuluza makasitomala, ndipo woona mtima adzapeza phindu la kuona mtima kwake. Msika umasintha na ogula.

Koma olo mucite zonse izi, pali coonadi cimodzi cimene palibe shopu ingakugulitseni mankhwala ake. Drive iliyonse idzafa. Original nayonso imafa. Hard drive nthawi zina imacenjeza na kaphokoso kapena kucedwa, koma SSD na fulashi zingafe mwakacetecete, dzulo zinali bwino, lelo kompyuta siiziona. Kubweza zinthu mu drive yakufa ni nchito yodula, ndipo palibe amene angalonjeze kuti zidzabwela. Ndiponso drive siifa na ukalamba cabe. Imabedwa pa siteshoni, imagwela m'madzi, mwana amaithila tiyi. Conco funso lalikulu si lakuti drive yanga ni yabwino bwanji. Funso ni lakuti, ikafa lelo, zinthu zanga zili kutinso?

Apa ambili timadzinamiza. Timagula external hard drive, timasamutsilamo zonse, timafafaniza mu laputopu kuti mupezeke malo, ndiyeno timati nili na backup. Iyo si backup. Mwangosamutsa mazila onse kucoka mu mbale ina kupita mu ina. Backup ni pamene cinthu cimodzi cili m'malo awili kapena atatu panthawi imodzi. Anthu a nchito za makompyuta ali na lamulo losavuta kukumbukila la 3-2-1: makope atatu, pa zosungila za mitundu iwili, ndipo kope imodzi ikhale kutali na nyumba. Laputopu na external zikakhala m'cikwama cimodzi, wakuba mmodzi amatenga zonse ziwili.

Kodi izi sizifuna ndalama zambili? Osati ngati tasankha bwino. Zambili zimene zadzaza ma drive athu ni mafilimu na ma series amene tingapezenso mawa kwa mnzathu. Zimene sizingapezekenso ni zocepa: project ya kusukulu, ma certificate, kope ya NRC, CV, mabuku a bizinesi, nchito za makasitomala, zithunzi za ambuya amene anatisiya, mawu a amai amene tinajambula pa foni. Kwa ambili a ife izi zonse zingakwane mu 15GB imene Google imapeleka mahala pa akaunti iliyonse, yogawana pakati pa Gmail, Drive na Photos. Bandulo ya usiku umodzi ingakwanitse kuzikweza. Project ya kusukulu mungazitumile mweka pa imelo Cisanu ciliconse. Fulashi yaciwili, yoyesedwa, ingakhale kwa alongo anu ku Matero. Ndipo kamodzi pa mwezi tsegulani kope ija muone ngati itseguka, cifukwa backup imene simunaiyesepo ni lonjezo cabe.

Cinthu comaliza pa nkhani ya zimene drive imasunga. Tsiku limene mugulitsa laputopu kapena kusinthanitsa drive yakale, kumbukilani kuti kufafaniza fayilo, olo kucita quick format, sikucotsa zinthu zenizeni. Kumangocotsa maina pa mndandanda, ndipo munthu wa kapulogilamu kaulele angabweze zambili, makamaka pa hard drive na pa memory card. Pa Windows, pocita reset sankhani kucotsa zonse na kuyeletsa drive, olo zitenge maola. Mmisili akakuikilani SSD yatsopano, hard drive yakale ni yanu, ipempheni. Muigulile kabokosi ka USB, isanduke malo aciwili osungilamo zinthu. Mu drive ija muli NRC yanu, zithunzi zanu na makalata anu. Si cinthu cosiya pa kaunta monga cenji.

Mnzathu uja anabweza ndalama zonse za ukwati. Anayenda kwa alendo mmodzimmodzi kupempha zithunzi za m'mafoni, n'kupanga ka album kamene banja lija linalandila mwaulemu cabe. Ca mphete cinapezeka cimodzi, cojambulidwa patali, mutu wa munthu wina utachinga theka. Kucokela ku banja lija na acibale awo sanalandilenso foni ya nchito, ndipo mu Lusaka mbili imayenda msanga kupambana minibasi. Lelo amasewenzetsa makhadi ang'onoang'ono angapo m'malo mwa imodzi yaikulu. Khadi yatsopano iliyonse imagona usiku wonse pa H2testw isanalowe mu kamela. Akabwela ku nchito sagona asanakopele zithunzi m'malo awili, ndipo safafaniza khadi mpaka mwini ukwati atalandila zake.

Palibe cimene acita lelo cimene sakanacita pa Cisanu cija. Sembe anataya usiku umodzi cabe. Ife amene tikali na mwai, tisalindile Sondo yathu. Usiku uno, malaiti akalipo, tsegulani laputopu kapena foni, mupeze foda imodzi imene ikasowa mungalile. Muikopele pamalo ena musanagone. Ndipo ulendo wotsatila mukaimilila pa kaunta, wogulitsa akakuuzani nambala, mufunseni pamene pali soketi.